Mabuku Osungira Alendo

Kwathu ku Sungabwino, chinthu chikakhala chabwino sitichigwiritsa ntchito ayi, timachisunga. Lowani m'nyumba iliyonse, mupeza kabati ya magalasi, m'kati mwake muli mbale zamaluwamaluwa za paukwati, pomwe eni ake akudyera m'kambale kapulasitiki kong'aluka m'mphepete. Mipando yathu imakalamba isanavulidwe mapulasitiki a kusitolo. Nsapato zatsopano timazinyamula m'manja mpaka pakhomo pa tchalitchi, minga izitibaya, poti phazi limapola koma nsapato sipola. Sekani ndithu, nafenso timadziseka. Ngakhale nkhani ino sitiikamba wamba, timaisungira alendo, ndiye poti mwafika, khalani apo ndikutsegulireni.

Mwini nkhaniyi ndi a Gelevaziyo Chagunda, woyendera sukulu, bambo wamtali wadazi amene anagwira ntchito ya boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osalandirapo kalata yowachenjeza. Ntchito yawo inali yonunkhiza mabuku. Musati ndikukokomeza. Imani kaye ndikuuzeni mmene zinayambira.

Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, mafumu a maiko akutali anamva kuti ana a ku Sungabwino sadziwa kuwerenga, ndipo anatimvera chisoni natitumizira mabuku odzaza malole makumi atatu. Mfumu yathu, Khalanazo Wachitatu, inaitanitsa nduna zonse kubwalo la ku likulu, ku Mpandowanga. Atatsegula katoni yoyamba, fungo la mapepala atsopano linadzaza bwalo lonse. Mwini Dziko anatola buku limodzi ndi zala ziwiri, naliyang'ana uku ndi uku, misozi ili lengelenge.

"Abale anga," anatero, "zinthu zokongola chonchi tizipereke kwa ana?"

Bwalo lonse linabuula. Pomwepo anasankha bungwe lofufuza, mtsogoleri wake a Gwadani, Nduna ya Maphunziro ndi Kupukuta Fumbi. Bungwelo linakabindikira ku hotela masabata asanu ndi limodzi, nkhuku za m'derali zinatha phiti, ndipo pobwerera a Gwadani anagwada pamaso pa mfumu, masaya atachita kunyezimira.

"Mwini Dziko, tafufuza mozama. Adani a buku alipo anayi: chiswe, makoswe, mvula ndi mwana. Chiswe chili ndi mankhwala ake. Khoswe amaopa mphaka. Mvula ili ndi nyengo yake. Koma mwana, Mwini Dziko! Mwana amatsegula buku tsiku ndi tsiku, chala atachinyowetsa ndi malovu."

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Sukulu iliyonse inalandira kabati ya magalasi. Mabuku onse anatsekeredwa m'menemo, limodzi lokha litatsegulidwa kuyang'ana kunja, ndipo Lolemba lililonse mphunzitsi wamkulu, atasamba m'manja ndi sopo, ankatembenuza tsamba limodzi. Ana ankadutsa pamzere n'kuona chithunzi cha patsambalo, kenaka mphunzitsi ankanena mawu ake, iwo n'kubwereza, iye n'kunena, iwo n'kubwereza, mpaka tsamba lonse litakhazikika m'mutu. Mabukuwo ankatuluka pokhapokha kukabwera alendo. Ndipo popeza maphunziro amafuna muyeso, anagamula kuti sukulu yabwino ndi ija mabuku ake ali mbee.

Koma ndiye zinatiyendera! Pasanathe zaka ziwiri wailesi ya ufumu inalengeza kuti maphunziro akwera kufika padenga, pakuti m'dziko lonse munalibe tsamba long'ambika. Alendo akabwera, ana ankaimirira, mabuku m'manja, n'kulakatula tsamba lathunthu maso ali kumwamba. Alendo ankajambula zithunzi, ena mpaka kupukuta misozi, napita kwawo kukatumiza mabuku ena. Ife n'kukhoma makabati ena.

Pa oyendera sukulu onse panalibe wa mphuno yakuthwa ngati a Chagunda. Ankati akanunkhiza buku, ankadziwa kuti lakhudzidwa ndi mwana, ndiponso kuti mwanayo anadya usipa kapena mtedza. Iwowo anaphunzira kuwerenga kalekale, m'buku lopanda chikuto lomwe ankalimbirana ana asanu ndi mmodzi, koma zimenezo sankazikumbukira kawirikawiri, monga munthu sakumbukira masiku amene ankayenda wopanda nsapato. Chimene ankanyadira chinali mzime wawo, Ndaziona, mwana wa kuukalamba, wazaka zisanu ndi zinayi, amene ankaphunzira pa Sukulu ya Chitsanzo ya ku likulu. Ndaziona anali nambala wani chiyambire. Mayi ake, a Nangozo, ankasunga mapepala a mayeso ake m'kabati, pakati pa mbale za alendo ndi wailesi yomwe sinayatsidwepo.

Lolemba lina m'mawa a Gwadani anaitanitsa a Chagunda ku ofesi, natseka chitseko, nayankhula monong'ona ngati pali maliro.

"Achimwene, kwachitika malodza. Ku sukulu ya Kumapeto kuli mphunzitsi wina, Mayi Nasibeko. Akuti anatsegula kabati. Akuti ana akupita ndi mabuku kunyumba."

"Kunyumba, bwana? Kumene kuli utsi ndi mbuzi?"

"Kumeneko. Pitani mukaone. Zikakhala zoona, lembani mlandu, ndipo Lachisanu mubwere naye kubwalo, achotsedwe ntchito pamaso pa Mwini Dziko, ena atengerepo phunziro."

Minibasi za ku Kumapeto zimakwerera pa msika wa Tsitsaniko, ndipo podikira kuti idzaze, a Chagunda anaima pafupi ndi ambulera ya Che Bwanali. Che Bwanali ndi mkulu wowerengera anthu makalata, mapepala a kuchipatala ndi mauthenga a pafoni. Kale ankagulitsa makala. Tsikulo pamzere pawo panali anyamata ndi atsikana okhaokha, onse otsiriza sukulu, aliyense foni yake m'manja.

"Bwana Chagunda!" anafuula Che Bwanali. "Mugwire ntchito imeneyo, musafooke. Ine lamulo la makabati ndimalipempherera m'mawa ndi madzulo. Mwaiona nyumba yanga yamalata?"

Mayi wina wogulitsa matimati pambali pake anaseka. "Wanganso mwana anakhoza bwino kwabasi. Setifiketi yake ili m'kabati. Sitidziwa zomwe analembamo, komatu njoyera."

"Ubwere nayo ndidzakuwerengere," anatero Che Bwanali.

"Kuti muidetse ndi manja anu amakalawo? Iyayi, ikhale momwemo."

A Chagunda anamwetulira mokhutira, poti anamva ngati akuyamikiridwa, nakwera minibasi. Pamene phula linathera anakwera kabaza, ndipo Lachiwiri dzuwa lili pamutu anafika pa sukulu ya Kumapeto. Mphunzitsi wamkulu atamva kuti kukubwera woyendera, anakumbukira mwadzidzidzi maliro a msuweni wake.

Choyamba kudabwitsa a Chagunda chinali phokoso. Sukulu zonse zomwe ankazidziwa zinkamveka ngati kwaya, mawu amodzi okwera ndi kutsika pamodzi. Kuno kunkamveka ngati mng'oma wa njuchi, mwana aliyense akung'ung'udza zake. Atalowa m'kalasi ya Sitandade 3, mphuno yawo inatsala pang'ono kukomoka. Mango, utsi, mafuta ophikira, thukuta, palafini! Ana okwana zana anakhala pansi, awiriawiri kapena atatuatatu, mitu itagundana pa buku. Mabukuwo anakutiridwa ndi mapepala a simenti, ngodya zake zili bii, masamba ena atasokedwa ndi ulusi. Pakona panaima kabati ya boma, yotsegula, m'kati mwake muli makapu a phala.

Mayi wamfupi, wa choko m'tsitsi ndi mawu osasa, anabwera akupukuta manja pa chitenje.

"Takulandirani, bwana. Ndine Nasibeko. Mwabwera kudzanunkhiza?"

Ankayankhula molimba mtima.

"Mayi, mwachita chiyani ndi katundu wa ufumu?"

"Ndawapatsa eni ake, bwana."

"Eni ake ndi Mwini Dziko!"

"Mwini Dziko amadziwa kale kuwerenga."

A Chagunda anati amuchititse manyazi pamaso pa ana ake omwe. Analoza kamtsikana kena kometa mpala. Dzina lake anati ndi Malita. Anakatsegulira tsamba la pakati, nati awerenge. Malita sanaimirire, sanaike manja kumbuyo, sanayang'ane kudenga monga amachitira ana ophunzira bwino. Anaika chala pa tsambalo n'kuyamba kukwawa nalo, mawu amodziamodzi, apa kupunthwa, apo kubwerera. A Chagunda anapukusa mutu. Ndaziona wawo akanamaliza kale tsamba lonselo ndi kugwada komwe. Koma asanatsegule pakamwa, maso a Malita anachoka pa buku n'kutera pa chikwama cha mapepala chomwe iwo anakolekera m'khwapa.

"Chi-nsi-nsi," anatero mwanayo, "cha bo-ma."

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. A Chagunda anatembenuza chikwamacho msangamsanga. Mawu amenewo sanali m'buku lililonse la sukulu, ndipo palibe amene anawanena kuti mwanayo abwereze. Kwa kanthawi anaona mnyamata wina wa kabudula wong'ambika akuwerenga chikwangwani cha pachigayo koyamba m'moyo wake, n'kuthamangira kwawo akukuwa. Mnyamatayo anali iwo omwe. Anatsokomola, nayamba kulemba m'kope.

Anatenga buku limodzi, loipitsitsa mwa onse, lomwe mbuzi inadyako ngodya, kuti likhale umboni. Anauza Mayi Nasibeko kuti Lachisanu akaonekere kubwalo.

"Ndamva, bwana," anatero mayiyo. "Koma ana awa mudzawasiyira ndani? Makumi asanu ndi awiri ayamba kuwerenga. Makumi atatu enawa atsala pang'ono chabe."

"Lamulo ndi lamulo, mayi."

Lachitatu masana anafika kwawo, nakhala pakhonde kulemba mlandu. Ndaziona anali pa mkeka akudya mango. Buku laumboni lija linali pa tebulo, ndipo a Nangozo podutsa anatseka mphuno.

"Bambo a Ndaziona, chinyansi chimenecho musachilowetse m'nyumba mwanga."

A Chagunda anafuna kutsuka makutu awo ndi kuwerenga kwenikweni. Anaitana mwana wawo, natsegula tsamba lija anapunthwa nalo Malita. Ndaziona anangoona chithunzi cha mbuzi, naimirira njo, manja kumbuyo, maso kumalata.

"Tsamba khumi ndi zinayi. Mbuzi ya a Maliko yadya chinangwa. A Maliko akwiya. Mbuzi yathawira kuphiri."

Anamaliza tsamba lonse osapuma, nagwada. Bambo ake mtima unakhala pansi. Kenaka, sindidziwa kuti ndi mzimu wanji unawalowa, anatsegula tsamba lina, naphimba chithunzi ndi chikhato, naloza mawu amodzi pakatikati.

"Nanga apa?"

Ndaziona anayang'ana chala cha bambo ake, nayang'ana nkhope yawo.

"Ababa, chotsani dzanja ndione chithunzi."

"Chithunzi chisiye. Apa alemba chiyani?"

"Muyambe inu, ine nditsatire."

A Chagunda anang'amba kapepala m'kope lawo, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina lomwe anamutcha okha ali wakhanda, namupatsa. Mwana analiyang'anitsitsa nthawi yaitali, nabweza ndi manja awiri mwaulemu wake wonse.

"Limeneli sitinafikepo, ababa."

Kalanga ine! Bambo wamkulu uja anachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi, ndipo chomuwawa koposa chinali chakuti panalibe woti amuloze chala. Mphuno yomwe inatseka makabati a ufumu wonse inali pankhope pake pomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Dzuwa lisanapendeke, a Chagunda anali ataganiza kale. Ku Kumapeto kunali mlongo wawo wokwatiwa kumeneko. Ndaziona akakhala kwa azakhali ake, akalowa kalasi ya Mayi Nasibeko, ndipo pofika nthawi yokolola adzakhala akuwerenga. Vuto linali limodzi: mphunzitsi yekhayo m'ufumu wonse amene akanatha kuphunzitsa mwana wawo ankachotsedwa ntchito mkuja, ndipo mlandu wake unali pa tebulo, wolembedwa ndi dzanja lawo. Kuung'amba sakanatha, poti a Gwadani akanangotuma wina. Anasisita dazi, mpaka anakumbukira kuti mlembi wakale wa kubwalo anapuma ntchito mwezi wathawo, ndipo malo ake anatenga mnyamata amene anapambana ana onse pa Sukulu ya Chitsanzo. Pomwepo anatumiza uthenga ku Kumapeto kuti Mayi Nasibeko abwere ndi Malita, bwalo lidzaone manja amene amaononga mabuku.

Lachisanu bwalo la ku Mpandowanga linadzaza, osapezeka poponda. Mwini Dziko anakhala pa mpando wake wachifumu, womwe mpaka lero sunavulidwe pulasitiki, moti akasuntha pang'ono bwalo lonse limamva. Mayi Nasibeko anaima pakati, Malita atawagwira chitenje. A Chagunda anaika buku laumboni pa tebulo, ndipo nduna za kutsogolo zinabwerera m'mbuyo ndi mipando yomwe.

"Mlandu uwerengedwe," anatero Mwini Dziko.

Mlembi watsopano uja analandira pepala, nalitembenuza kufuna chithunzi, osachipeza. Anayang'ana a Gwadani. Thukuta linayamba. Potsiriza anaimirira njo, manja kumbuyo, maso kudenga.

"Tsamba khumi ndi zinayi. Mbuzi ya a Maliko yadya chinangwa."

Mwa chizolowezi tonse tinaomba m'manja. Mwini Dziko anakweza dzanja.

"Gwadani, tikuzenga mbuzi kapena mphunzitsi? Werenga iwe."

"Pepani, Mwini Dziko, magalasi anga a m'maso ndi atsopano. Ndinawasiya m'kabati."

Nduna yachiwiri nayo chimodzimodzi, yachitatunso. Panalibe wodabwa, poti ndani angavale magalasi abwino pa tsiku wamba? Maso onse anatembenukira kwa a Chagunda, ndipo iwo ananena bodza lawo loyamba pa ntchito ya boma.

"Anganso ali m'kabati, Mwini Dziko. Koma ngati mungalole, mwana uyu ndi mmodzi wa oononga aja. Ayese iyeyu, manja ake ndi odetsa kale."

Anthu anaseka. Malita anapatsidwa pepala. Anaika chala chake pa mzere woyamba, nayamba kukwawa monga mwa nthawi zonse.

"Ma-yi Na-si-be-ko, mphu-nzi-tsi wa pa su-ku-lu ya Ku-ma-pe-to, mo-sa... mo-sa-ga..."

"Osathamanga, mwanangu," ananong'ona Mayi Nasibeko. "Phatikiza."

"Mo-sa-ga-ni-zi-ra chuma cha ufumu, anapereka mabuku m'manja mwa ana."

Kuseka kunali kutatha. M'bwalo munati zii, kungomveka pulasitiki ya mpando wachifumu pamene Mwini Dziko ankasendera kutsogolo. Malita anapitiriza, mawu akulimba.

"Choncho bwalo likupemphedwa kuti li-wa-cho-tse..."

Anaima. Chala chinakhala pomwepo. Anakweza mutu, nayang'ana Mayi Nasibeko.

"Aphunzitsi, akuti akuchotseni ntchito."

"Maliza, mwanangu," anatero Mayi Nasibeko, misozi ikutsika koma nkhope ili ngwee. "Chiganizo sasiyira panjira."

Mwana anamaliza akusisima. Mwini Dziko anatembenukira kwa nduna yake.

"Gwadani, mwana ameneyu amachita chiyani?"

"Amawerenga, Mwini Dziko."

"Nanga ana ena onse aja amachita chiyani?"

"Nawonso amawerenga, Mwini Dziko, koma mwaulemu."

Mfumu inaimirira, ndipo tonse tinaimirira. A Chagunda anaona misozi m'maso mwa Mwini Dziko, yomwe ija ya tsiku la makatoni, ndipo mumtima anayamba kale kulongedza chikwama cha Ndaziona. Anaona makabati a ufumu wonse akutseguka. Anati zatheka.

"Anthu anga," inatero mfumu, "lero ndaona chinthu chamtengo wapatali. Mwana sanangotchula mawu, wamva zomwe akunena, mpaka walira. Mphunzitsi wotha kuchita zimenezi alipo mmodzi yekha m'dziko langa lonse. Mmodzi! Ndiye inu mwamutaya ku fumbi la ku Kumapeto, ana zana akumukwera tsiku ndi tsiku? Tamverani mawu akewo mmene asasira. Taonani choko m'tsitsimo. Atha ameneyu! Tikamutha, wina tidzamutenga kuti?"

Bwalo linabuula movomereza. Mfumu inapitiriza.

"Kuyambira lero Mayi Nasibeko ndi Mlangizi Wamkulu wa Kawerengedwe. Apatsidwe ofesi kuno ku likulu, ya mawindo a magalasi, ndi kapeti. Mwana aliyense asawayandikire. Aziphunzitsa pokhapokha kukabwera alendo. Kamtsikana aka nakonso kasamawerenge wamba, kangathe mawu. Tizikaitana alendo akafika. Ku Kumapeto kupite mabuku atsopano, akalewo atayidwe, ndipo kabati yake ikhale ya maloko awiri. Chagunda, amene watipezera chuma chimenechi, alandire mendulo."

Mayi Nasibeko anagwa ndi maondo.

"Mwini Dziko, chonde, bola mundichotse ntchito. Ndikaphunzitsa pansi pa mtengo."

"Mwakuona kudzichepetsa kwake?" inatero mfumu, itatembenukira kwa nduna. "Wotereyu ndiye wosunga."

Nthungululu zinalira, ng'oma zinagunda. Tinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Inenso ndinalipo, ndipo musandifunse, ndinaomba. Tinaona ndi maso athu mwana akuwerenga, tinadziwa chomwe chinamuwerengetsa, ndipo tinachita chomwe timachita ndi chinthu chilichonse chabwino.

Panja pa bwalo a Chagunda anapeza Mayi Nasibeko ataima pa mthunzi, akudikira galimoto yowatengera ku ofesi yawo yatsopano. Mendulo inkalendewera pachifuwa pa bamboyo ngati belu la ng'ombe.

"Mwandipulumutsa, bwana," anatero mayiyo osawayang'ana. "Ana anga makumi atatu aja atsala pang'ono, mukawauze ndinu."

"Mayi, ndikhululukireni. Sizimene ndimafuna." Kenaka anangotulutsa zonse. "Mwana wanga wamkazi ndi nambala wani pa Sukulu ya Chitsanzo. Dzina lake lomwe salidziwa pa pepala. Ndimati ndimubweretse kwa inu."

Mayi Nasibeko anawayang'ana tsopano, kuyambira kudazi mpaka kunsapato.

"Inu kuwerenga mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Buku muli nalo?"

A Chagunda anagwira chikwama chawo. Buku laumboni lija linali momwemo, poti kubwalo panalibe amene anafuna kulikhudza.

"Ndiye mukudikira kuti nduna ikuuzeni chiyani? Yambani ndi dzina lakelo. Ndipo musamuyambire mawu, ngakhale alire."

Galimoto inafika, mipando yake ili m'mapulasitiki, n'kuwatenga.

Podutsa pa msika wa Tsitsaniko nkhani inali itafika kale. Che Bwanali anadzuka pansi pa ambulera nawagwira chanza ndi manja awiri.

"Bwana, ndinatsala pang'ono kubwerera ku makala! Atandiuza kuti mwana wawerenga kubwalo, ndinati ntchito yanga yatha. Koma Mwini Dziko ndi wanzeru, Mulungu amusunge."

"Amusunge ndithu," anatero mayi wa matimati uja. "M'kabati."

A Chagunda sanaseke. Anafika kwawo dzuwa likadalipo, ndipo a Nangozo anawavula mendulo pakhomo pomwe, naipukuta, naitsekera pakati pa mbale zamaluwa ndi mapepala a mayeso a Ndaziona. Bamboyo anavula jekete, nayala mkeka pakhonde, nakhala pansi, zomwe sanachitepo chikwatirire. Anatulutsa buku lodyedwa ndi mbuzi lija ndi kapepala ka dzina kaja.

"Ndaziona, bwera ukhale apa."

Mwana anabwera, bango lili m'dzanja, madzi ake akutsetsereka mpaka m'chigongono. Anati aimirire njo, koma bambo ake anamukokera pansi.

"Lero sitiyang'ana kudenga. Chilembo choyamba cha dzina lako ndi ichi. Chiyang'anitsitse. Tsopano undipezere chinzake m'bukumu."

"Ndiligwire, ababa?"

"Ligwire."

"Aphunzitsi amati tikagwira buku timangidwa."

"Womanga wake ndine. Ligwire."

Ndaziona anasendera pafupi, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali, lilime lili panja. Kenaka chala chake, chonata ndi mango, chinanyamuka n'kutera pakati penipeni pa tsamba, ndipo pomwe chinatera panasanduka chikasu.

Dzanja la a Chagunda linadzuka lokha. Zaka khumi ndi ziwiri zonunkhiza mabuku zinalikweza m'mwamba kuti limenye kachalako, ndipo mwana anaphethira, nafinya mapewa. Bamboyo analiyang'ana dzanja lawo lili m'malere. Analitsitsa pang'onopang'ono, nalilowetsa pansi pa ntchafu, nalikhalira.

"Ndi chimenechi, ababa?"

A Chagunda anawerama kuti aone, koma madzi a mango anali ataphimba chilembocho, ndipo m'maso mwawo namonso munali madzi.

"Sunthako chala ndione, mwanangu," anatero. "Osachichotsa. Ungochisuntha."